Maso a Nkhono: Phunziro la Ana Athu Osalankhula

Werengani poyamba 1 Mafumu 19:1-18, ndi 1 Samueli 23:14-18.

Akulu athu a kuno ku Chongwe akumbukira masiku aja a baisikopo, pamene galimoto la boma linali kufika pabwalo dzuwa litapendeka, anyamata napacika cinsalu coyera pamitengo iwiri, mudzi wonse nukhala pansi kudikira mdima. Bungwe lopanga zithunzizo, la Central African Film Unit, linayamba nchito yace m'caka ca 1948, nilitha pamodzi ndi Federation m'caka ca 1963. Zithunzi zace zambiri zinali zophunzitsa kalimidwe, kusunga ndalama ndi ukhondo wa pakhomo, ndipo munthu anali kuziona ali pakati pa abale ace, agogo ali pambali kumasulira ndi kudzudzula. Lero baisikopo yalowa m'thumba la malaya. Mwana wa zaka 15 aonera kanema pa foni ali yekha kuseri kwa nkhokwe, ndipo atate ndi amai sadziwa cimene waona, kapena cifukwa cace wabwera ku cakudya maso ali ofiira.

Alipo abusa anzanga amene aletsa kanema aliyense. Ine sinditero, ngakhale ndidziwa bwino lomwe kuti zambiri za m'mafoni ziri zonyansa ndi zotayitsa nthawi. Pali mtundu umodzi wa kanema umene ana athu aukonda koposa, ndiwo wosimba za mnyamata kapena mtsikana wamanyazi, wosalankhula, amene anzace amseka, kufikira apeza bwenzi limodzi lomumvetsa. Mwana akabwereza kuonera nkhani yotere kanayi ndi kasanu, tisafulumire kumlanda foni. Tiyambe tadzifunsa cimene iye aona m'nkhanimo, pakuti kawiri kawiri adziona yekha.

Mmodzi wa makanema otere anapangidwa ku America m'caka ca 2012, dzina lace The Perks of Being a Wallflower. Asimba za mnyamata Charlie, woyamba kumene sukulu yaikuru, amene bwenzi lace linadzipha, ndipo iye alibe womuuza za kukhosi koma kulemba makalata kwa munthu wosamdziwa. Ana awiri acikulire pasukulupo amlandira m'gulu lao, iye nayamba kuseka. Koma pomariza cibvumbuluka cinthu cimene anacikwirira kuyambira ubwana, kuti mbale wa amai wace anamcita zoipa ali wamng'ono. Mutu wace usokonezeka, nalowa m'cipatala, namthandiza madokotala pamodzi ndi abwenzi aja. Makhalidwe ena a m'kanemayu sayenera Mkristu, ndipo sindinena kuti muwaonetse ana anu. Ndimchula cifukwa ca cinthu cimodzi cimene anena moona: kuti kufatsa kwa mwana nthawi zina ndiko cibadwa cace cabe, koma nthawi zina ndiko cibvundikiro ca bala.

Koma tisapite kutari, popeza tiri nazo nkhani zathu zathu.

Rungano Nyoni, mai wobadwira m'Lusaka m'caka ca 1982 nakulira ku Wales, anapanga kanema m'dziko lathu lino wochedwa I Am Not a Witch, amene anaturuka m'caka ca 2017, ndipo caka cotsatira analandira naye mphotho ya BAFTA ku London. M'kanemayu mumveka Cinyanja cathu, Cibemba ndi Citonga. Kamtsikana kosafika zaka khumi kaoneka m'mudzi, kopanda mbale, kosalankhula. Mai wina wocokera kucitsime akaona kali ciriri panjira, agwa nataya madzi ace, ndipo basi mlandu wapezeka: kamwanako ndi mfiti. Akatengera kwa apolisi nakafunsa kuti kabvomere kapena kakane, koma iko kangoti cete, ndipo kukhala cete kwaceko anthu akuyesa umboni. Akatumiza ku msasa wa nkhalamba zonamiziridwa ufiti, kumene yense amangidwa nsalu yoyera yaitari kumsana, namuuza kuti akaidula adzasanduka mbuzi. Nkhalambazo ndizo zimpatsa dzina, Shula. Ndizonso zimpatsa kanthu konga lipenga koika kukhutu, kuti amve mau a ana ophunzira pasukulu ya kutari, kumene iye saloledwa kufikako. Munthu wa boma ayenda naye uku ndi uku kuti aloze mbala ndi kuitana mvula, nadyerapo ndalama. Pomariza mwanayo afa.

Msasa wa nsalu zoyerazo ngwopeka, ngakhale mai Nyoni anakhala masiku ambiri m'msasa weni weni wa otere ku Ghana asanalembe nkhani yace. Koma ciyambi ca nkhaniyo sicopeka konse. Ndani mwa ife sanamve m'mudzi mwace mau akuti, Mwana uyu sayang'ana anthu kumaso, ali ndi kanthu? Mwana wamasiye akafika kwa amalume ace, wosadya bwino, wodzuka usiku ndi kulira, wokodza pamphasa angakhale wakula, posacedwa wina anong'oneza kuti anampatsa nyama ya usiku. Ndipo, ndinena ici ndi manyazi, ena amtengera kwa aneneri a m'mapiri ndi m'matenti, amene amzinga ndi kumpfuulira kufikira abvomera cimene sanacite. Lamulo la dziko lino loletsa za ufiti, limene liripo kuyambira 1914, liti kuchula munthu mfiti ndiko mlandu. Mkulu wa mpingo amene akhala cete mwana alikunamiziridwa pamaso pace acimwira lamulo la Kaisara ndi la Mulungu pamodzi.

Mai yemweyo anapanganso kanema wina m'caka ca 2024, On Becoming a Guinea Fowl, ndiko kunena za kusanduka nkhanga, nalandira naye mphotho ku Cannes, m'dziko la France. Nkhani yace njolemera, yoyenera akulu okha. Mtsikana apeza mtembo wa amalume ace panjira usiku. Pamaliro, iye ndi asuweni ace azindikirana kuti womwalirayo anawacita zoipa onsewo ali ana, ndi kuti amai ndi azakhali anadziwa, nakhala cete posunga dzina la banja. Wamng'ono wa iwo afooka kotheratu nagonekedwa m'cipatala maliro ali m'kati. Nkhanga ilowamo cifukwa ca khalidwe lace limene mlenje aliyense wa m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe alidziwa: ikaona cirombo siithawa yokha mwakacetecete, koma ilira kolimba kuti zinzace ndi nyama zina zonse zimve. Amai a cigwirizano, ganizirani bwino ici. Kusunga cinsinsi ca m'nyumba ndi mwambo wabwino umene anankungwi anatiphunzitsa, koma mwambowo sunaikidwe kuti ubise munthu woononga ana.

Kanema amene ndimkonda koposa onse ndiye wa ku Malawi, The Boy Who Harnessed the Wind, wa m'caka ca 2019, wopangidwa ndi Chiwetel Ejiofor, amene mau ace ambiri ali m'Cicewa, ngakhale ena a osewerawo acilankhula ndi lilime lacilendo loseketsa ana. Iyi ndi nkhani yoona. William Kamkwamba anabadwa m'caka ca 1987, nakulira kwa Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 atate wace anasowa ndalama za sukulu, mnyamatayo nakhala pakhomo. Anayamba kupita ku kanyumba ka mabuku, napeza buku la Cingerezi lokhala ndi cithunzi ca makina opukusidwa ndi mphepo, ndipo ngakhale Cingerezi cace cinali cocepa, anatsata zithunzi. Tsiku ndi tsiku anali kufukula zitsulo zakutha padzala, wakuda ndi mafuta, wolankhula yekha. Anthu a pamsika anati wacita misala, ena nati asuta camba. Ali ndi zaka 14 anaimika nsanja ya mitengo, naikapo njinga yakutha ya atate wace ndi mapiko a mapaipi, mphepo niwomba, nyali niyaka.

Ife amene tinaona cimanga cikupsa m'minda ya Chongwe m'caka ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cija ndi tsoka la dziko lonse, sitisowa wotimasulira njala ya m'kanemayo. Koma cimene ndifuna muone ndi ici. William yekha asimba kuti sanali yekha padzala paja. Anali ndi msuweni wace Geoffrey, ndi bwenzi lace Gilbert, mwana wa mfumu Wimbe, amene anaturutsa ndalama zace za m'thumba kumgulira zipangizo zimene iye sanakhoza kugula. Mudzi wonse unati misala. Anyamata awiri anati, Tiye tikuthandize kunyamula. Akadapanda iwowo, kapena lero dzina la Kamkwamba likadakhala la munthu wongoyenda m'misika ya Kasungu, ana alikumponya miyala. Akulu anati, Kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu.

Tsono tiyeni ku Mau a Mulungu, amene anadziwa izi kanema asanakhale.

Eliya sanali mwana, ndiponso sanali munthu wa cikhulupiriro cocepa. Dzulo lace lomwe anaima yekha pa phiri la Karimeli pamaso pa aneneri a Baala 450, moto nutsika. Koma atamva kuopsa kwa Yezebeli anathawa, ndipo onani cimene anacita pa Beereseba: anasiya mnyamata wace pomwepo, nalowa m'cipululu yekha ulendo wa tsiku lathunthu. Umo ndimo iyambira nthenda iyi ya mtima. Munthu ayamba kudzipatula kwa iwo omwe akadamthandiza. Pamenepo anakhala pansi pa kamtengo napempha imfa, nadziyesa wopanda pace.

Kodi Mulungu anatani naye? Sanamdzudzula kuti wacimwa popempha imfa. Sanamlalikira. Anamleka agone, namtumira mthenga ndi mkate ndi madzi, namlekanso agone, namdyetsanso kaciwiri. Pambuyo pace, pa Horebu, anamfunsa funso limodzi lalifupi, namlola anene madandaulo ace onse, angakhale ena a iwo sanali oona. Namfunsanso funso lomwelo, Eliya nabwereza mau omwewo, Mulungu osatopa nao. Atatha kumva ndipo anampatsa nchito, namkonza maganizo, namuuza kuti alipo anthu 7,000 osagwadira Baala, nampatsanso mnzace woyenda naye, ndiye Elisa. Tulo, cakudya, khutu lakumva, nchito, coonadi, bwenzi: tsatane wace ndi ameneyo, ndipo ife kawiri kawiri tiyambira kumapeto, kapena tiyamba ndi cidzudzulo cimene Mulungu sanacinene konse.

Za Jonatani sindicurutsa mau, pakuti muidziwa nkhaniyo. Davide ali wobisala m'nkhalango ya ku Zifi, Jonatani sanadikira kuti aitanidwe. Ananyamuka yekha, namfunafuna kufikira anampeza, namlimbitsa mwa Mulungu. Munthu wosweka mtima saitana. Ayenera kulondoledwa. Ndipo kumbukirani abwenzi a Yobu, amene anacita bwino masiku asanu ndi awiri pamene anakhala naye pansi osanena kanthu, nayamba kulakwa tsiku limene anatsegula pakamwa kumfotokozera cifukwa ca mabvuto ace.

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Zaka zapitazo, pa mpingo wina umene ndinali kuweta, munali mnyamata wa m'kalasi wokhala kumbuyo nthawi zonse. Ndikamfunsa funso la katekisma anali kuyang'ana pansi. Ndinamuyesa wamwano, ndipo tsiku lina ndinamnyazitsa pamaso pa anzace, ndi kumuuza kuti sadzabatizidwa caka cimeneco. Analeka kubwera, ine ndinati, Wadzionetsa yekha. Patapita masabata atatu, usiku, ndinamva kugogoda. Anali mnzace wowetera naye ng'ombe, mnyamata wosapemphera konse, atagwira botolo la mankhwala opopera thonje. Anati, “Abusa, pepani kukudzutsani. Mnzanga uja anabisa ici kukhola. Akuti watopa. Ndamlanda, koma sindidziwa cocita.” Ndinati, “Ali kuti tsopano, mwana wanga?” Anati, “Ndamsiya ndi mng'ono wanga, ndamuuza asamcoke.” Mnyamata wosadziwa ndi vesi limodzi lomwe anacita zonse zitatu zoyenera: anacotsa ciphe, sanamsiye yekha, nakauza munthu wamkuru. Ndinamva pambuyo pace kuti atate wa mnyamata uja anamwalira caka capitaco, kuti kuyambira pamenepo tulo sanali kutiona, ndi kuti mau anali kumkanirira pakhosi akaimirira pa anthu. Ine mbusa wace sindinafunse ndi kamodzi komwe.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Ukaigogoda ibwerera m'cigoba.

Tisiyanitse tsono zinthu ziwiri, kuti tingadzetse mantha pa makolo a ana ofatsa. Manyazi si nthenda. Mose anadandaula kuti ali wolemera pakamwa, Yeremiya anadziyesa mwana wosadziwa kunena, ndipo Paulo anacita kupempha Akorinto kuti amlandire Timoteo bwino angacite mantha pakati pao. Mwana wofatsa amene adya, agona, aseka ndi mnzace mmodzi kapena awiri, nagwira nchito zace, mlekeni; ndiye cibadwa cace, ndipo otere ndiwo asunga mpingo akakula. Coopsa ndico kusandulika. Mwana amene anali kusewera mpira naleka, amene anali kuyimba m'kwaya nayamba kubisala, wosadya kapena wosagona masabata awiri ndi kupitirira, wogwa m'maphunziro mwadzidzidzi, wogawira anzace zinthu zace zimene azikonda, wonena kuti, Kukadakhala bwino ndikadapanda kubadwa: ameneyo adwala, monga adwala wa malungo. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, liwerenga kuti mwa ana a zaka 10 kufikira 19, mmodzi mwa asanu ndi awiri ali ndi bvuto la maganizo, ndi kuti kudzipha kuli pakati pa zinthu zoyamba zimene zitha anyamata ndi atsikana a zaka 15 kufikira 29. Werengani ana a m'kalasi mwanu, mugawe ndi 7.

Ambiri aopa kumfunsa mwana poyera ngati aganiza zodzipha, poyesa kuti funsolo lidzabzala maganizowo mwa iye. Madokotala a nthenda izi atsimikiza kuti sikutero. Kufunsa mofatsa kumpeputsa, pakuti aona kuti alipo wina wosaopa kumva. Ndipo popeza m'midzi yathu imfa zotere zibwera kawiri kawiri ndi mankhwala a m'munda, a thonje, a tomato, a makoswe, mwini nyumba aliyense awatsekere m'bokosi ndi loko, kiyi nasunge yekha. Maganizo ofuna kufa afika ngati kabvumvulu napita. Botolo likakhala patari ora limenelo, mwana aona m'mawa.

Mau akuti Chainama tawasandutsa cotukwanira. Ana anyozana nao pasukulu, ndi akulu omwe aseka. Cipatala ca Chainama Hills, cimene ciri pa mseu waukuru wa kum'mawa polowa m'Lusaka, cinatsegulidwa m'caka ca 1962, ndipo kucokera pa boma la Chongwe ndi ulendo wosafika makilomita 50. Ndi cipatala monga zina zonse, ndipo ambiri opitako alandira uphungu kapena mankhwala nabwerera kwao tsiku lomwelo. M'caka ca 2019 nyumba ya malamulo inaika lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lija la m'masiku a atsamunda, limene linali kuchula odwala ndi maina onyoza. Lamulo latsopanoli liti wodwala maganizo ali ndi ulemu ndi ufulu monga munthu aliyense. Poyambira ndi pa kiliniki ya kwanu kapena pa cipatala ca boma ca Chongwe, kumene adzakuuzani ngati kuyenera kupitirira. Iripo ndi nambala ya foni ya ana, 116, yosalipira, imene mwana kapena mnzace akhoza kuimba usana kapena usiku. Pemphero ndi cipatala sizilimbana. Amene anatuma mthenga ndi mkate kwa Eliya ndi Yemweyo anapatsa anamwino nzeru.

Ndipo tingaganize kuti nchito iyi njamadokotala okha, imvani za ku Harare. M'caka ca 2006 dokotala Dixon Chibanda, poona kuti madokotala a maganizo m'Zimbabwe ngowerengeka pa zala, anaphunzitsa agogo akazi a ku Mbare kukhala pa benci ya matabwa panja pa kiliniki ndi kumvetsera anthu osauka mtima. Nchitoyo aicha Friendship Bench, ndiyo benci ya ubwenzi. Nthendayo Ashona aicha kufungisisa, kunena kuganiza kopitirira. Agogowo salalikira, ndipo salamula. Afunsa, namva, nathandiza munthu kusankha bvuto limodzi loyamba nalo. Pamene anayesa nchitoyi pa anthu 573, nafalitsa zopeza zao m'caka ca 2016, anaona kuti itapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa iwo amene anakhala pa benci 14 okha pa 100 anali cidwalire ndi cisoni cacikuru cija, koma mwa iwo amene sanakhalepo anali 50 pa 100. Kodi mpingo uti wa kuno ulibe agogo? Kodi uti ulibe benci ndi mtengo wa mthunzi?

Nyengo yoyenera kucenjera koposa ndiyo ya December ndi January, pamene zotsatira za mayeso zituruka. Mvula imene tinaipempha pa Chakwela Makumbi yagwa, akulu onse ali kumunda kuyambira mbanda kuca, ndipo mwana wolephera mayeso atsala yekha pakhomo tsiku lonse, mankhwala a mbeu ali pakhonde. Cifukwa cace ndipempha akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sande sukulu kuti pa Sabata limene muwerenga phunziro ili, mutaturuka, mukhale pansi ndi buku la maina a kalasi. Chulani ana mmodzi mmodzi, ndipo pa dzina liri lonse funsani, Bwenzi lace ndani? Pamene pasoweka yankho lembani cizindikiro, nimusankhe munthu wopita kukamuona sabata lomwelo, wosanyamula cidzudzulo, wokonzeka kukhala naye pansi angakhale mwanayo asanene kanthu ulendo woyamba ndi waciwiri.

Mnyamata uja tinapita naye kucipatala m'mawa mwace, ine ndi amai wace ndi mnzace wa ng'ombe, amene anakana kutsala. Panjira ndinampempha andikhululukire. Sanayankhe, koma pobwera anandilola ndimnyamulire thumba lace. Anabatizidwa caka cotsatira, atayankha mafunso ace m'nyumba mwanga pamaso pa akulu awiri okha, pakuti pa cigulu sakadakhoza.